Kwangotsala Kabatani

MUTU 6

1. A Dazi

Pachikuto cha buku la masewero limene a Fomu 3 ankawerenga panali chithunzi cha bambo wadazi, wa kandevu kosongoka ndi kolala yotambalala ngati mbale. Dzina lake linkapinda lilime, choncho ana asukulu ankangomutchula kuti a Dazi. Mphunzitsi wa Chingerezi, amene onse ankamuitana kuti a Madamu, analimbana nalo dzinali teremu yathunthu, mpaka tsiku lina nawonso linawapulumuka pakamwa. Kalasi inaseka, iwo n'kugonja.

A Madamu ankawakonda a Dazi kuposa tiyi wawo wa pa buleki. Ankati munthuyo anamwalira zaka mazana anayi zapitazo, koma mpaka lero Mngerezi akamakangana ndi mkazi wake, akamatsatsa malonda, ngakhale akamadandaula za nyengo, amalankhula mawu a a Dazi osadziwa. Mawu ena anawapanga yekha. Ena anangowatola m'misewu ndi m'malo omwera mowa n'kuwaika m'kamwa mwa anthu a m'masewero ake. Oonerera ankatuluka nawo m'holo monga munthu amatulukira m'khitchini ndi fungo la utsi.

Ambiri m'kalasimo ankangoyasamula. Koma mtsikana wina wokhala pa desiki ya pazenera nkhaniyi inamulowa. Anzake ankamutcha Kalembera, poti cholembera sichinkachoka m'manja mwake, ndipo chaka chimenecho kalabu ya zisudzo inamusankha kuti alembe sewero lokapikisana nalo ndi masukulu ena.

Tsiku limenelo anaweruka akudziwa chochita. Ngati a Dazi ankatola mawu m'misewu, iye sankafunika kuyenda mtunda. Mawu anali kunyumba.

2. Pakhonde la sitolo ya zitsulo

Amayi ake a Kalembera anali telala. Makina awo opondaponda ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa mapaipi ndi katebulo ka bambo wokonza mawotchi, amene anthu anasiya kalekale kumubweretsera mawotchi. Pachingwe pamwamba pawo pankalendewera madiresi, mayunifolomu ndi mathalauza odikira zipi. Pansi pa makina panali chikatoni cha nsalu zosadula, ndipo palibe anaonapo pansi pa chikatoni chimenecho.

Kusoka ankakudziwa. Nsalu inkatha kung'ambika msoko wawo uli chilili. Vuto lawo linali limodzi: sankatha kukaniza munthu. Wobwera akulira kuti ulendo ndi mawa, wobwera ndi mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha kabudula wong'ambika, onsewo ankawalowetsa patsogolo. Amene anabweretsa nsalu yake bwinobwino nthawi ikadalipo ndiye ankagonera m'chikatoni. Mwini nsalu akafika, amayiwo ankatsitsa magalasi pamphuno, n'kumwetulira, n'kunena mofatsa ngati namwino:

"Musadandaule, mayi. Kwangotsala kabatani."

Nthawi zina kunkakhaladi kutatsala kabatani. Nthawi zambiri nsaluyo inkakhala isanaonane ndi sizasi. Makasitomala akale ankazidziwa, ankangopukusa mutu n'kudzabweranso Loweruka.

Kalembera analemba sewero la telala wotere. M'magawo awiri oyamba telalayo ankazemba makasitomala, kubisala kuseri kwa madiresi, aliyense n'kumamuuza za kabatani. M'gawo lachitatu ndi momwe anthu ankadziwira chimene chinkamuchedwetsa, n'kugwidwa manyazi. Kwa Kalembera sewero lonselo linali lotamanda amayi ake. Sanawauze kanthu. Ankafuna adzadzionere okha tsiku la mpikisano.

3. Aliyense kapepala kake

Pasukulupo mapepala ankasowa. Kale sukulu yomweyi inali ndi makina osindikizira ndi holo ya makatani ofiira, koma tsopano m'holomo munkagona madesiki othyoka ndi mileme. Choncho kalabu inali ndi kachitidwe kake. Sewero lathunthu linkakhala ndi wolemba yekha. Wosewera aliyense ankakoperedwa kapepala ka mawu ake okha, pamodzi ndi mawu omalizira a mnzake kuti adziwe polowera. Ankalandiranso gawo limodzilimodzi, kuopa kuti angataye zonse pakamodzi. A Madamu ankati palibe chamanyazi, ngakhale osewera a a Dazi ankatero, ndipo masiku amenewo mbali za akazi zinkaseweredwa ndi anyamata.

Atangomva zimenezo, mnyamata wotchedwa Wayilesi anaimika mkono. Wayilesi anali msangalatsi wa sukulu yonse, wapakamwa posatseka, wotha kutsanzira kayendedwe ka ahedi iwo ali potero. Mbali ya telala inapita kwa iye. Anamanga duku, anakoleka tepi m'khosi, anapinda waya n'kukhala magalasi. Atawatsitsa pamphuno n'kunena za kabatani, anzake anagubuduka pansi ndi kuseka. A Madamu anapukuta misozi, nati chaka chino chikho chikubwera.

Koma Wayilesi sankaloweza chamumtima. Ankaloweza mokweza, akuyenda, ndipo njira ya kwawo inkadutsa pasiteji ya maminibasi pomwe mkulu wake anali kondakitala.

Oyamba kuwatola mawuwo anali oitanira. Minibasi ili ndi anthu awiri, woitanira ankakuwa kuti kwangotsala kabatani, kwerani tizipita. Kenaka anawatenga amakaniko, galimoto ili pamiyala yopanda ndi tayala limodzi lomwe. Mwana wosalemba homuweki ankayankha zomwezo. Ngakhale ahedi pa asembule, pofotokoza za chimbudzi chatsopano chimene chinali chikadali maziko, anawatchula mawuwo osadziwa kumene anawatola. Sukulu yonse inaphulika, iwo n'kumayang'ana kumbuyo ngati kwalowa mbuzi.

Kalembera ankayenda mapewa ali m'mwamba. Zimene anachita a Dazi, iye wazichita asanalowe ndi Fomu 4 yomwe.

4. Nsalu ya kwaya

Masana ena ataweruka anapita kukhonde kukathandiza kusita. Anapeza amalume ake atakhala pampando wawo wa masiku onse, nyuzipepala ili pamiyendo. Amalumewa, achimwene a amayi ake, anakhala kunja kwa dziko zaka zambiri akugwira ntchito m'nyumba yosindikiza mabuku. Anabwerako ndi masutikesi awiri, ndipo lolemera linali la mabuku. Anthu ankawatcha a Mtchona. Poyenda mumsewu ankaloza zinthu zimene kulibenso: apa panali laibulale, apa panali mtengo wamthunzi, apa munthu ankakupatsa moni. Pakhonde la mlongo wawo pokha ndi pamene ankakhala mtima uli m'malo, akunyoza nyuzipepala.

Posakhalitsa panafika mayi wamkulu thupi atanyamula mpukutu wa nsalu yobiriwira. Anati ndiye wapampando wa kwaya, ndipo akufuna madiresi ndi malaya a kwaya yonse. Ntchito yotere imabwera kamodzi pachaka. Amayi ake a Kalembera anapukuta tebulo ndi dzanja, anatambasula nsalu, n'kuyamba kufunsa za kolala ndi manja.

Nthawi yomweyo kunadutsa anyamata awiri okankha wilibala. Mmodzi anakweza dzanja mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, a Kabatani?"

Mayi wa kwaya anatembenuka. Anayang'ana anyamatawo, anayang'ana magalasi a telala, kenaka chikatoni chija.

"Kodi ndinu amene?" anafunsa. "Ine ndimangomva m'minibasi."

Sanakalipe. Anapinda nsalu yake pang'onopang'ono, n'kunena kuti ayambe wakafunsana ndi anzake. Anatsanzika bwinobwino n'kumapita.

Makina anayambanso kulira. Amayi anasoka msoko wonse wa thalauza osakweza mutu. Atadula ulusi ndi mano anafunsa, osayang'ana munthu, kuti kodi mawu awo a pakhonde pano anakafika bwanji kusiteji.

Simbi inali m'manja mwa Kalembera, koma kutentha kunali kumaso. A Mtchona anapinda nyuzipepala, nati ulusi wakuda watsala pang'ono, ndipo mwanayu awaperekeze akagule.

5. Chenjezo la amalume

Anayenda mpaka anadutsa malo ogulitsira matayala. Pamenepo amalume anachepetsa liwiro. Anati anamumva tsiku lina akuwerenga sewero lake yekha kuseri kwa nyumba, choncho asataye nthawi ndi kukana.

"A Madamu akowo sanakunamize," anatero. "Ine ndakhala pakati pa anthu amenewo, ndawamva ndi makutu angawa. Wogulitsa nsomba, woyendetsa basi, nesi m'chipatala, onse amalankhula a Dazi akowo osawadziwa. Masewero ake ndawawerenga, ena ndawasindikiza ndi manja anga. Koma pali chimene sakuuzani m'kalasi. Mawu akamatuluka m'holo amatuluka okha, sewero limatsala m'katimo. M'sewero lina analembamo munthu wokongoza ndalama. Munthu ameneyo ali ndi zolankhula zina zoti ukazimva umaona kuti nayenso magazi ake ndi ofiira ngati ako. Msewu sunatenge zimenezo. Unatenga dzina lake lokha, n'kulisandutsa chitonzo cha mtundu wonse wa anthu, ndipo zidzukulu za zidzukulu zawo zakhala zikulisenza. Wolembayo ali phee m'manda, akutamandidwa. Nanga anthu amene anawatolera mawu m'misewu aja, akuwadziwa ndani? Analipo mayi wina wophika mowa, analipo wosoka nsapato. Olankhula anali iwowo. Chithunzi pachikuto n'cha a Dazi."

Kalembera anati sewero lake silonyoza. Gawo lachitatu limaonetsa kuti telalayo ndi munthu wabwino kuposa onse omuseka.

"Gawo lachitatulo lili kuti?"

"M'chikwama mwanga."

"Ndiye woitanira minibasi akaliwerengera m'chikwama mwakomo?"

Kenaka amalume anafewetsa mawu.

"Mvetsa bwino, mwana wa mlongo wanga. Sindikukuletsa kulemba. Ndikanakonda msewu uno ukanakhala ndi ana khumi onga iwe m'malo mwa mabawa khumi amene ndinawapezawa. Ukulemba bwino, ndipo n'chifukwa chake zafika apa. Zolembedwa moipa sizifika pasiteji ya minibasi, zimafera m'kalasi. Koma iwe watola mawu a munthu amene umagona naye denga limodzi. Mayi ako alibe chikwangwani pakhonde paja. Chikwangwani chawo ndi dzina lawo, ndipo lero waona ndi maso ako chimene chalembedwapo. Sewerolo ndi lako, koma mawuwo ndi awo, ndipo sunawapemphe. Ine sindikawauza. Ukhoza kukhala chete mpaka tsiku la mpikisano, mwina chikho mudzatengadi. Zimenezo uganize wekha, ndiwe wamkulu tsopano."

Analowa m'sitolo ya ulusi. Amalume anauza wogulitsayo kuti pamene waimapo kale panali shelefu ya mabuku a ndakatulo. Wogulitsayo anati anamuuza kale zimenezo sabata yatha.

6. Sewero lonse

M'mawa mwake linali Loweruka. Kalembera anasita zovala zonse za pachingwe osatumidwa. Dzuwa litapendeka, makasitomala atachepa, anatulutsa mapepala m'chikwama n'kuima patsogolo pa makina.

"Amayi, taimitsani kaye. Mawu anu aja anakafika kusiteji chifukwa cha ine."

Anafotokoza zonse, za a Dazi, za timapepala ta kalabu, za Wayilesi ndi njira ya kwawo. Anati awawerengera sewero lonse, ndipo akalikana, Lolemba akauza a Madamu kuti chaka chino sewero kulibe. Ananena zimenezi akudziwa kuti kalabu yonse idzamuda mpaka adzamalize sukulu.

Amayi anatenga siketi yofunika kupinda m'munsi, anapisa ulusi pa singano, n'kugwedeza mutu kuti ayambe.

Kalembera anawerenga. Wokonza mawotchi anakoka mpando wake n'kuyandikira. A Mtchona anabisa nkhope m'nyuzipepala, koma tsamba silinatembenuzidwe. Pofika pamene telala akubisala kuseri kwa madiresi, amayi analephera kudzigwira. Anaseka mpaka singano inawabaya.

"Bodza limenelo," anatero akuyamwa chala. "Ine ndinabisalapo kamodzi kokha, ndipo munthu wake anali ndi ndodo."

Ali m'kati mwa gawo lachiwiri panafika bambo wina kudzatenga jekete lake. Amayi anatsitsa magalasi pamphuno, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayang'ana mwana wawo.

"Sindinaliyambe, bambo. Mubwere Lachinayi, mudzalipeza."

Bamboyo anaima kaye ngati wasochera khonde. Kenaka anathokoza, nati aka n'koyamba telala kumuuza zoona, ndipo Lachinayi abweradi.

Gawo lachitatu palibe anaseka. Munali telala akusokera kabudula mwana wobwezedwa kusukulu, mwanayo atakhala pambali atafunda chidutswa cha nsalu, makasitomala okwiya aja ataima pakhomo osadziwa poyang'ana. Kalembera atamaliza, wokonza mawotchi anamina m'kampango kake n'kunena kuti fumbi la msewu uno lawonjeza. Amayi anamaliza kupinda siketi, analuma ulusi, n'kuiyala pamiyendo.

"Mawu aja apita," anatero. "Sitingawathamangire. Ukaliletsa sewerolo, anthu atsala ndi theka loseketsa lokhalo, ndipo ine ndidzafa ndili a Kabatani. Lisewereni lonse. Amayi a kwaya aja ndikawaitana ndekha, adzakhale kutsogolo. Koma mnyamata amene akuti amayenda ngati bakha uja asandisewere. Iyeyo sandidziwa. Wandilemba ndiwe, undisewere ndiwe. Ngati anthu akundiseka, aziseka iwe uli m'nsapato zanga, ine ndikukuona."

Kalembera anali asanakwerepo pansanja. Tsiku lina atauzidwa kuwerenga chilengezo pa asembule, mawu anamuthawa, anthu a kumbuyo n'kumafunsana ngati wayamba. Amayi ake ankazidziwa bwino zimenezi.

"Chabwino, amayi," anatero.

A Mtchona anatsitsa nyuzipepala, nati m'dziko muno mwatsala anthu awiri anzeru, ndipo onse ndi abale awo. Amayi anawauza kuti ngati nzeru zawo zafika pamenepo, anyamule chikatoni.

7. Duku

Lolemba Kalembera anakumana ndi a Madamu asanalowe m'kalasi. A Madamu anamvetsera, anadandaula za chikho, anadandaulanso kachiwiri, kenaka anati mwini mawu walamula ndipo iwo alibe chowonjezera. Koma kumuuza Wayilesi anati amuuze yekha.

Ataweruka, a kalabu anakankhira madesiki kukhoma monga mwa masiku onse. Wayilesi anali atamanga kale duku, tepi ili m'khosi, akuyenda uku ndi uku akugwedeza m'chiuno, ana a Fomu 1 atadzaza m'mazenera. Kalembera anamuitanira pambali. Anamuuza kuti telala wa m'sewero uja ndi amayi ake enieni, anamuuza za nsalu ya kwaya, n'kumupempha timapepala tija.

Ankayembekezera phokoso. Wayilesi anangomwetulira. Anapisa m'thumba, anatulutsa timapepala tiwiri tamafuta n'kumuika m'manja.

"Tenga, mlembi. Zonse zili m'mutu muno." Anavula duku n'kuliponya pa desiki. "Msuweni wanga wa sukulu ya kutsidya kwa njanji amandidandaulira kuti kalabu yawo ilibe sewero. Magawo awiri ndili nawo. Lachitatu tipeka tokha, ndipo lidzakhala loseketsa kuposa lakolo."

Anatuluka akuimba mluzu, tepi ikadali m'khosi. Ana a m'mazenera theka anamutsatira.

Kalembera anatola duku n'kulimanga. Linali likadali lofunda. Anzake onse anali akumuyang'ana.

A Madamu anaomba m'manja kamodzi.

"Gawo loyamba. Telala, lowa."